Generosa ndi Fita ya Mwini

Generosa anali mtsikana wa ku Mualadzi. Anali ndi zaka zisanu ndi zitatu. Sanali wolankhulalankhula. Mlendo akamufunsa dzina, ankangoyang'ana zala za kumapazi.

Koma Generosa ankadziwa kuthamanga. Ankathamangitsa mbuzi. Ankathamangitsa nkhuku. Nthawi zina ankangothamanga yekha, popanda chothamangitsa.

Sukulu itatsekera, kunamveka nkhani. Pabwalo la sukulu padzakhala masewera a ana. Ana azipita m'mawa. Azibwerera madzulo. Masewerawo dzina lake ragibi.

Generosa sankaidziwa ragibi. Anangomva kuti muli kuthamanga. Basi, mtima wake unafuna kupita.

Anapeza amayi ake akutsuka ndowa yothirira kudimba. Anagwada pambali pawo.

"Amayi, mawa ndingapiteko ku ragibi?"

Amayi anasiya kutsuka.

"Ragibi? Ine ndinaionapo imeneyo."

"Kuti, Amayi?"

"Pa kanema, m'loja ina yogulitsa zinthu ku Chifunde. Amuna akuluakulu, makosi ngati a ng'ombe. Ankagundana. Ankagwetsana. Ankaunjikana ngati matumba a chimanga."

Generosa anayang'ana pansi.

"Akuti iyi ndi ya ana," anatero motsitsa mawu. "Akuti sagundana."

"Watero ndani?"

"Marita."

Marita anali mnzake wa nyumba yoyandikana nayo.

Amayi anaganiza kaye. Kenako anaimika zala zitatu.

"Tamvera. Osamenya mnzako. Osagwetsa mnzako. Osalanda chinthu cha mwini."

"Inde, Amayi."

"Tabwereza."

"Osamenya. Osagwetsa. Osalanda."

"Pochoka kudimba ndidzera kubwaloko. Ndikakupeza ukuchita chimodzi mwa izi, tibwerera limodzi. Ndipo supitanso."

"Inde, Amayi."

M'mawa kunali mphepo ndi fumbi. Generosa ndi Marita anayenda mumsewu wadothi. Marita ankaimba. Generosa ankanong'ona yekha.

"Osamenya. Osagwetsa. Osalanda."

Pabwalo panali ana ambiri. Ena anabwera wapansi. Ena anakwezedwa pa njinga. Pakati pawo panaima mphunzitsi wa masewera. Anali mtsikana wamkulu, wamtali. Pakhosi pake panali apito yoimbira.

"Dzina langa ndine Feliciana," anatero. "Muzinditchula Mana Feliciana, ngati mchemwali wanu."

Anapisa dzanja m'thumba lalikulu. Anatulutsa mpira.

Ana onse anauyang'anitsitsa.

Mpirawo sunali wobulungira. Unali wautali ngati papaya.

Panali mnyamata wina wamkulupo, dzina lake Lonjezani. Iye sankasunga mawu mkamwa.

"Mana," anatero Lonjezani, "mpira wanuwo munaukhalira panjira?"

Ana anaseka. Mana Feliciana nayenso anaseka.

"Ayi. Unabadwa choncho."

Anaugwetsa pansi. Mpira unadumphira kumanzere. Unadumphira kumanja. Kenako unadzaima pamapazi pa Generosa.

Generosa anaumenya ndi mwendo. Mpira unapita kumene sanautume.

"Uwu sitimenya ndi mwendo," anatero Mana Feliciana. "Timanyamula m'manja."

"M'manja?" anafunsa Marita. "Si kulakwa kumeneko?"

"Ku mpira wa miyendo ndi kulakwa. Kuno ayi."

Generosa anayang'ana manja ake. Anayang'ana miyendo yake.

"Mverani bwino," anapitiriza Mana Feliciana. "Timathamangira kutsogolo. Koma mpira timaponyera m'mbuyo."

Kutsogolo. M'mbuyo. Mutu wa Generosa unayamba kuzungulira.

Kamnyamata kena kanayamba kuthamanga chafutambuyo. Kanagwa chokhala m'fumbi.

"Nanga goli ili kuti?" anafunsa Lonjezani.

"Kulibe. Mwauona mzere wa phulusa uwo? Mukafika pamenepo, ikani mpira pansi."

"Kungoika?"

"Kungoika. Mwamva nonse?"

"Indeee."

Generosa nayenso anavomera ndi mutu. Koma kunena zoona, sanamve bwino.

Kenako Mana Feliciana anagawa malamba. Mwana aliyense anamanga lamba m'chiuno. Pa lamba aliyense panamatidwa tinsalu tiwiri tatitali. Kena kumanja, kena kumanzere.

"Awa ndi mafita," anatero Mana Feliciana.

Anakoka fita imodzi kuti ana aone. Fita inamatuka. Inalira kuti tswee.

Panali gulu la mafita ofiira. Panali gulu la mafita achikasu. Lonjezani anali wofiira. Generosa ndi Marita anali achikasu.

Mana Feliciana anaimika zala zitatu.

"Lamulo loyamba. Osamenya mnzako."

Generosa anamwetulira. Amayi anatero kumene.

"Lamulo lachiwiri. Osagwetsa mnzako."

Generosa anamwetuliranso. Lachitatu ankalidziwa kale. Milomo yake inayamba kulinena.

"Lamulo lachitatu. Wonyamula mpira akamadutsa, mukokeni fita. Muitenge ndithu. Iye aime, aponye mpira. Kenako mum'bwezere fita yake m'manja."

Generosa anasiya kumwetulira.

Muitenge ndithu?

Fitayo ndi ya mwini. Ili m'chiuno mwa mwini. Mwini sanakupatse. Kodi si kulanda kumeneko?

Anafuna kufunsa. Anakweza chala pang'ono. Chala chinafika paphewa basi. Apito inalira, masewera n'kuyamba.

Marita anam'ponyera mpira. Generosa anaugwira ngati mwana wakhanda. Anathamanga. Anadutsa mmodzi. Anadutsa wina. Mphepo inkawomba m'makutu mwake.

Tswee.

Lonjezani anali atakoka fita yake. Anaiponya m'fumbi.

"Lonjezani, tola," anatero Mana Feliciana. "Pereka m'manja."

Lonjezani anatola. Anapereka ndi dzanja lamanzere, maso ali kwina.

Ana ambiri ankachita chimodzimodzi. Akakoka fita, ankangoitaya. Mana Feliciana ankaimba apito. "M'manja, m'manja." Koma iwo ankaiwalanso.

Kenako mpira unapita kwa Lonjezani. Lonjezani anali ndi liwiro. Achikasu onse anatsala m'mbuyo. Generosa yekha anam'peza.

Fita yofiira inkakupiza pafupi ndi dzanja lake. Pafupi kwambiri.

Osalanda.

Generosa sanakoke. Anathamanga pambali pa Lonjezani. Anathamanga naye mpaka pamzere wa phulusa. Lonjezani anaika mpira pansi.

"Zikomo pondiperekeza," anatero.

Ofiira anaseka. Marita anafika ali wefuwefu.

"Unali pafupitu. Bwanji sunakoke?"

"Kaya," anatero Generosa.

Generosa anaganiza. Ukapempha, si kulanda. Ndiye apemphe.

Lonjezani analandiranso mpira. Generosa anam'pezanso.

"Achimwene," anatero akuthamanga, "ndingakokeko fita yanu?"

Lonjezani anacheuka. Anadabwa.

"Ayi, mlongo. Ndikadali nayo ntchito."

Anafika pamzere. Anaika mpira pansi.

Generosa anaganizanso. Chinthu chikagwa chokha, kutola si kulanda. Ndiye adikire fita igwe.

Anathamanga pambali pa Lonjezani. Anayang'anitsitsa fita. Fita inakupiza, inakupiza. Sinagwe.

Lonjezani anaikanso mpira pansi.

Achikasu anayamba kung'ung'udza.

"Uyu ntchito yake n'kuperekeza alendo," anatero wina.

"Mana, m'patseni fita yofiira. Ndi wawo uyu," anatero winanso.

Generosa anayang'ana zala za kumapazi. Zinali mbuu ndi fumbi.

Masana ana anakhala pansi pa mtengo wa mango. Analandira mbatata yophika ndi thobwa. Generosa anakhala kumapeto. Mbatata yake anangoigwira, osaidya.

Marita anasendera pafupi.

"Iwe, chavuta n'chiyani?"

Generosa ananong'ona.

"Amayi anati osalanda chinthu cha mwini. Akandipeza, sindibweranso."

"Koma Mana Feliciana ati tizikoka."

"Ndamva."

"Ndiye wamkulu ndani?"

"Onse ndi akulu."

Marita anatafuna mbatata. Anatafuna nthawi yaitali.

"Apo ndiye kaya," anatero.

Mana Feliciana anadutsa ndi chigubu cha madzi.

"Generosa, uli ndi liwirotu iwe. Zonse zili bwino?"

Generosa anafuna kufotokoza. Koma anasiya.

"Inde, Mana," anatero Generosa.

Mana Feliciana anapitirira.

Akapanda kukoka, anzake samufuna. Akakoka, amayi am'tenga. Generosa sanadziwe chochita.

Apito inaliranso.

Tsopano Lonjezani sankamuopa Generosa. Atalandira mpira, analunjika kwa iye. Anachepetsa liwiro. Anayamba kugwedeza chiuno ngati akuvina.

"Tiye, mlongo. Undiperekezenso."

Fita yofiira inakhudza zala za Generosa. Inakhudzanso.

Dzanja linafumbata lokha.

Tswee.

Lonjezani anaima, kukamwa kuli yasa. Achikasu anakuwa ndi chimwemwe. Marita analumphalumpha.

Koma Generosa sanalumphe. Maso ake anali kumtengo wa mango. Pamenepo panaima amayi ake. Pamutu anasenza beseni la mpiru ndi tomato, ndowa ili m'manja. Sankaseka. Sankaphethira.

Generosa anayang'ana m'dzanja lake. Munali fita ya mwini.

Anaisansa fumbi. Anayenda pang'onopang'ono kupita kwa Lonjezani. Anagwada. Anaipereka ndi manja awiri.

"Pepani, achimwene. Nayi fita yanu."

Lonjezani anasowa poyang'ana. Anaika mpira m'khwapa. Nayenso analandira ndi manja awiri.

"Zikomo," anatero chapansipansi.

Apito inalira. Tsopano walakwira amayi ndi Mana omwe, Generosa anaganiza choncho.

"Mwaona?" anatero Mana Feliciana kwa ana onse. "Fita imabwezedwa m'manja. Ndanena kuyambira m'mawa. Koma Generosa, kugwadako usiye. Masewera angathe mawa."

Ana anaseka. Generosa sanaseke. Amayi anali atatula beseni. Ankabwera.

"Mwaswera bwanji, aphunzitsi?"

"Ndaswera bwino, mayi. Kaya inu?"

"Ndaswera. Mwanayu ndi wanga. Ndamuona akulanda."

"Sanalande, mayi. Masewerawa amatero."

"Mwiniwake anam'patsa?"

"Ayi, koma..."

"Anapempha?"

"M'mawa anapempha," anatero Lonjezani. "Ine ndinakana."

Amayi anapukusa mutu.

"Mwini wakana, iwe n'kutenga. Kwathu kumeneko ndi kulanda. Generosa, vula lambayo. Tiye kunyumba."

Generosa anayamba kumasula lamba. Lamba anamasuka.

Anayang'ana mzere wa phulusa. Anayang'ana mpira wonga papaya uja. Sankaumvetsa. Koma ankaufuna.

Anatambasula lamba ndi manja awiri.

"Amayi," anatero. Mawu anatuluka aang'ono. Anayesanso. "Amayi, ine sindikumvetsa. Tsiku lonse sindikumvetsa. Tavalani inu kamodzi. Mundiuze ngati ndi kulanda."

Amayi anamuyang'ana. Mwana wawo sankalankhula pagulu.

Kumtengo wa mango kunali amayi ena oonerera.

"Amake Generosa, tavalani tione," anatero mmodzi.

Amayi anayang'ananso Generosa. Kenako anamanga mwamphamvu kapulana yawo, nsalu ya m'chiuno ija. Anavula masilipasi.

Lamba wa Generosa sanakwane. Mana Feliciana anawaveka wake. Anawapatsa mpira.

"Thamangirani uko, mayi. Wina akakoka fita, muime."

"Akakoka ndiime?"

"Inde. Ana nonse, athamangitseni."

Apito inalira. Amayi anafungatira mpira ngati dzungu. Anauyamba ulendo.

Ana onse anawatsatira. Ofiira ndi achikasu omwe. Fumbi linangoti koboo.

Lonjezani anawapeza msanga. Anatambasula dzanja. Kenako analibweza.

Awa ndi amayi a mnzake. Ungakoke bwanji chinthu m'chiuno mwa munthu wamkulu?

Marita anawapezanso. Nayenso anabweza dzanja.

Ana onse ankangothamanga pambali. Ena anaika manja kumbuyo.

"Kokani," anatero Mana Feliciana. "Ana inu, kokani."

Palibe anakoka.

Amayi anafika pamzere wa phulusa. Sanaime. Anauzidwa kuti aime fita ikakokedwa. Fita sinakokedwe. Ndiye anapitirira.

Anazungulira mtengo wa mango. Ana anazungulira nawo. Anazungulira mpopi wa madzi. Ana anazungulira nawo. Nkhuku zinabalalika. Amayi oonerera aja anagwira nthiti ndi kuseka.

Mana Feliciana anayesa kuimba apito. Apito sinalire. Nayenso ankaseka.

Amayi anayamba kupuma mwamphamvu. Thukuta linali kamukamu.

"Kodi palibe wokoka?" anafunsa akuthamanga.

Lonjezani anayang'ana kumwamba. Marita anayang'ana pansi.

Generosa anali pambali pa amayi ake, phewa ndi phewa.

"Generosa."

"Wawa, Amayi."

"Koka, mwana iwe. Ndatopa."

"Si kulanda, Amayi?"

"Ndati koka."

Tswee.

Amayi anaima. Anagwira mawondo. Anapuma, anapuma. Kenako anayamba kuseka. Anaseka mpaka misozi.

"Tsopano ponyani mpira, mayi," anatero Mana Feliciana.

Amayi anauponyera kutsogolo.

"M'mbuyo, m'mbuyo," anatero ana onse.

"M'mbuyo? Chonsecho tikupita kutsogolo?"

"Inde, mayi."

"Izo ndiye sindikuzimvetsa."

"Nanenso," anatero Generosa.

Anapereka fita kwa amayi ake ndi manja awiri. Amayi anailandira. Anaitembenuza uku ndi uku. Anaimata pa lamba. Anaimatulanso. Tswee.

"Ndamva tsopano," anatero. "Ndamvera m'miyendo mwangamu. Munthu akavala lamba uyu, wavomera kale. Fitayi amaivalira yomweyo. Popanda wokoka, munthu angathamange mpaka ku Nsadzo."

"Ndiye si kulanda?" anafunsa Generosa.

"Pabwalo pano, ayi. Bola uzibweza."

"Ndizibweza, Amayi."

Kenako Generosa anafunsanso.

"Nanga mawa?"

Amayi anatola lamba wamng'ono uja. Anam'manga Generosa m'chiuno ndi manja awo.

"Mawa ndi mawa. Lero masewera sanathe. Pita."

Amayi anakhala pansi pa mtengo wa mango. Anakhala pafupi ndi beseni lawo.

Apito inalira. Lonjezani analandira mpira. Anaona Generosa akubwera. Ulendo uno sanavine. Anathawa ndi liwiro lake lonse.

Generosa anam'peza.

Tswee.

Anam'bwezera fita m'manja. Mawondo anafuna kupinda. Anawaletsa.

Kenako mpira unabwera kwa iye. Anathamangira kutsogolo. Wofiira wina anam'koka fita. Generosa anaima. Anaganiza kaye. Anaponyera m'mbuyo, kwa Marita. Marita anafika pamzere. Anaika mpira pansi.

Kumtengo wa mango kunamveka nthungululu. Generosa anaidziwa. Inali ya amayi ake.

Madzulo anabwerera limodzi kunyumba. Amayi anali patsogolo, beseni lili pamutu. Ankatsimphina pang'ono. Generosa anali pambuyo, atanyamula ndowa.

"Mawa udzuke msanga," anatero amayi. "Usese pakhomo usanapite."

"Inde, Amayi."

Mphepo inawomba. Nsonga ya kapulana ya amayi inakupiza m'chiuno mwawo. Inakupiza kumanja. Inakupiza kumanzere.

Generosa anaiyang'ana. Anasendera pafupi. Zala zake zinayamba kuyabwa.

Amayi sanacheuke n'komwe.

"Imeneyo si fita," anatero.

Generosa anaseka mokweza. Amayi nawonso anaseka, tomato n'kugwedera m'beseni.